Kuperekeza mlandu wogwiririra kuchokera pakhomo mpaka kukhothi, ndi kukonza zomwe zimaupha panjira

Malamulo a dziko lino pa nkhani yogwiririra si ofewa ayi. Gawo 133 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, likuti wopezeka wolakwa pa mlandu wogwiririra akhoza kulamulidwa kuti aphedwe kapena akakhale kundende moyo wake wonse. Gawo 138, lokhudza kugona ndi mwana, kale linkateteza atsikana osakwana zaka 13 okha. Mu 2011 zakazo zidakwezedwa kufika pa 16, ndipo kusintha kwa mu 2023 kudazifikitsa pa 18. Vuto ndi lakuti milandu yambiri siifika n'komwe pamaso pa woweruza. Imafera pabwalo la amfumu, pamzere wa kuchipatala, pakauntala ya polisi, kapena tsiku lomwe khothi laimitsa mlandu kachinayi banja litatha ndalama ya kabaza.

Malangizo awa ndi a inu a m'magulu a m'dera: amayi a mother group, a komiti yoteteza ana, a chitetezo cha m'mudzi, amayi a mvano ndi a dawa, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo. Ntchito yoyamba ndi kuperekeza mlandu umodziumodzi mpaka uthe. Yachiwiri imabadwa mu yoyambayo: kulemba pomwe mlandu uliwonse udakakamira. Zolembazo ndi zomwe mudzanyamule popita kukaonana ndi mkulu wa polisi, phungu kapena gulupu.

Yambirani kuchipatala

Mankhwala a PEP, oteteza kuti munthu asatenge HIV, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo akayambidwa tsiku lomwelo ndiye bwino koposa. Amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa masiku osachepera 28. Ambiri amasiyira panjira chifukwa cha mseru, chizungulire ndi kufooka, ena poopa kuti anthu akaona botolo ayamba kunong'ona kuti ali pa ma ARV. Pezani munthu mmodzi yemwe wogwiriridwayo amamukhulupirira kuti azimukumbutsa ndi kumusungira botololo ngati n'kofunika. Mapiritsi a pangozi oletsa kutenga mimba amathandiza mpaka maola 120, koma mphamvu yake imachepa tsiku lililonse likadutsa. Pemphaninso mankhwala a matenda opatsirana pogonana, jakisoni wa kafumbata ngati pali mabala, ndipo funsani za katemera wa Hepatitis B. Achipatala adzayeza HIV tsiku lomwelo, koma zotsatirazo zimangoonetsa mmene munthu adaliri kale. Tsiku lodzayezetsanso lilembedwe m'buku lake la kuchipatala musanatuluke.

Nthawi imatayika motere: mayi apita kwa malume, malume ati tidikire mwinimbumba, mwinimbumba ati tikanene kwa nyakwawa, nyakwawa ati mubwere Loweruka. Pofika kuchipatala masiku atatu atha. Amfumu auzidwe ndithu, koma auzidwe ndi munthu wina pamene wogwiriridwayo ali kale panjira ya kuchipatala.

Kwina anthu amabwezedwa kuti akatenge kaye kalata ya kupolisi. Chithandizo cha mankhwala sichidikira kalata. Ngati polisi ili panjira, katengeni. Ngati ili kutali, pitani kuchipatala kaye, ndipo wina akakubwezani pemphani kuonana ndi mkulu wa pachipatalapo, mulembe tsiku ndi ola. Kumene kuli Chikwanekwane, monga pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi zipatala zina zikuluzikulu, pitani kumeneko, chifukwa wachipatala, wapolisi, wa ofesi ya chisamaliro cha anthu ndi wopereka uphungu amathandizira malo amodzi, mwana sakhala akubwereza nkhani yomweyo kasanu. Manambala a 116 ndi 5600 ndi aulere, ndipo angakuuzeni kopita pafupi nanu. Ngakhale patadutsa sabata kapena mwezi, pitanibe kuchipatala. PEP idzakhala itachedwa, koma matenda ena, mimba ndi uphungu zidzakhala zikufunikabe kuonedwa.

Umboni

Umboni wambiri amauwononga ndi anthu omwe amamukonda wogwiriridwayo. Mayi akaona mwana wake ali ndi magazi, chimene chimabwera msanga m'mutu ndi kumusambitsa ndi kuviika zovala m'beseni. Ngati n'kotheka asasambe, ndipo zovala zisachapidwe. Kabudula wamkati, siketi, chitenje ndi nsalu yomwe idayalidwa, chilichonse chikulungidwe pachokha m'pepala loyera kapena mu envelopu yaikulu. M'jumbo ayi: jumbo imasunga chinyezi, zovala zimachita nkhungu, zomwe zikadayezedwa n'kuwonongeka. Zonyowa ziume kaye pamthunzi. Nyamulani zovala zina zosinthira. Ngati wasamba kale, musamukalipire, ingouzani wachipatala kuti wasamba nthawi yakuti.

Pafoni musafufute kanthu. Mauthenga a WhatsApp, a SMS, ndi aja osonyeza kuti ndalama yalowa pa Airtel Money kapena Mpamba amaonetsa mmene munthu adamunyengerera mwana, kapena mmene achibale ake akuyesera kutseka pakamwa banja. Ajambuleni ndi foni ina kuti tsiku ndi nambala zizioneka.

Pa mlandu wa mwana, boma liyenera kutsimikizira khothi zaka zake. Apa milandu yabwinobwino imagwa. Sonkhanitsani lero lomwe chiphaso chobadwira, buku lake la kusikelo, khadi la ubatizo, kapena kalata yochokera m'kaundula wa kusukulu, ndipo mayi kapena womulera akonzeke kukanena tsiku lomwe mwanayo adabadwa. Zikalata zikasiyana zaka, uzani wofufuza msanga, musadikire kuti loya wa mbali inayo adzazitulukire yekha.

Munthu woyamba kuuzidwa ndi mboni yofunika kwambiri. Alembe mawu monga momwe adanenedwera, ngakhale ali achibwana, ndi tsiku, nthawi ndi mmene wonenayo ankaonekera. Pofunsa mwana musamuikire mawu m'kamwa. "Ndi amalume ako aja eti?" ndi funso lomwe lidzabwerera kukhothi ngati umboni wakuti mwana adachita kuphunzitsidwa. Funsani kuti, "Ndiye kenako chidachitika n'chiyani?" n'kukhala chete. Asamufunse anthu oposa mmodzi pakhomo.

Chinanso: lipoti la kuchipatala likanena kuti sipadapezeke mabala, sizitanthauza kuti sichidachitike. Madokotala oona za ana amadziwa kuti ana ambiri ochitidwa nkhanzazi sapezeka ndi bala looneka, makamaka akayezedwa patapita masiku, chifukwa malowo amapola msanga. Munthu wamkulunso yemwe adaopsezedwa ndi mpeni kapena adauma thupi ndi mantha sakhala ndi zokalika. Mabanja ambiri amataya mtima pomwepa pomwe sipayenera kutayira mtima.

Kupolisi

Mukafika funsani ofesi ya Victim Support Unit, yomwe ambiri amangoti VSU. Musafotokozere nkhani pakauntala pomwe pali obedwa njinga ndi odzaona abale awo m'chitokosi. Pemphani chipinda, ndipo ngati wogwiriridwayo akufuna wapolisi wamkazi, nenani. Woperekeza asachoke wopanda nambala ya mlandu ya m'buku la OB (buku lomwe apolisi amalembamo madandaulo onse ofika pa siteshoni), dzina ndi udindo wa wofufuza, komanso tsiku lobweranso. Popanda nambalayo, mawa mukadzapeza wapolisi wina mudzayambiranso pachiyambi.

Sitetimenti nthawi zambiri imalembedwa m'Chingerezi pomwe munthu akufotokoza m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka. Asasaine kapena kudinda chala asanamuwerengere m'chilankhulo chake. Mvetserani tsiku, malo, dzina la woganiziridwa ndi zomwe adachita. Sitetimenti ikati Lachiwiri munthu n'kudzanena Lachitatu kukhothi, tsiku lonse lidzathera pa Lachiwiri ndi Lachitatu.

Kudandaula kupolisi n'kwaulere. Mukauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta, musakangane. Pemphani kuonana ndi mkulu wa pa siteshoniyo, dziwitsani a ofesi ya chisamaliro cha anthu kwa DC, ndipo lembani zomwe mwauzidwa. Anyamata a m'mudzi akagwira woganiziridwayo ampereke kupolisi ali wathunthu. Akamumenya, mlandu umatembenuka, omangidwa amakhala iwowo, ndipo banja limayamba kuthawa polisi yomwe limayenera kugwira nayo ntchito.

Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko likuti womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48, komanso kuti ali ndi ufulu wopempha belo. Mukamuona akuyenda pamsika sizitanthauza kuti mlandu watha, ngakhale kuti m'mudzi nkhani idzakhala yakuti wadyetsa chibanzi. Chomwe mungachite n'chakuti tsiku la belo lisanafike muuze woimira boma pamlanduwo ngati munthuyo amakhala nyumba imodzi ndi mwanayo, ngati waopseza mboni, kapena ngati ali ndi kothawira. Woweruza angakane belo kapena kulamula kuti asayandikire pakhomopo, koma sangadziwe zomwe sadauzidwe. Ngati wolakwayo ndi wa m'nyumba momwemo, Prevention of Domestic Violence Act ya 2006 imalola khothi kupereka chiletso chomuteteza wodandaula ngakhale kumutulutsa munthuyo m'nyumba, ndipo Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 imalola kuti mwana akasungidwe kaye pamalo otetezeka.

Kukhothi

Mlanduwu ndi wa boma, wogwiriridwayo ndi mboni, choncho sakufunika kulemba loya. Kaonaneni ndi woimira boma lisanafike tsiku, ndipo pemphani zomwe zili m'gawo 71A la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni: kuti anthu atuluke m'khothi pamene akupereka umboni, kuti pakhale chotchinga asaonane maso ndi maso ndi woimbidwa mlandu, komanso kuti munthu womulimbitsa mtima akhale naye pafupi. Zimenezi sizibwera zokha. Mwana mukamuonetse chipinda cha khothi tsiku lina kulibe mlandu, adziwe pokhala woweruza ndi poimirira iye. Muuzeni kuti "sindikukumbuka" ndi "sindinamve funso" ndi mayankho ololedwa.

Chomwe chimatopetsa mabanja ndi kuimitsaimitsa. Lero failo silinabwere, mawa wachipatala yemwe adalemba lipoti adasamutsidwa, mkuja woweruza ali ku msonkhano. Gulu likhale ndi kathumba ka thiransipoti ndi chakudya cha mboni, kowerengera maulendo angapo pa mlandu umodzi, osati umodzi wokha. Ndalamayo ilembedwe poyera ngati ya thiransipoti, kuti pasadzapezeke wonena kuti mboni zidagulidwa. Tsiku lililonse mlandu ukaimitsidwa, funsani kalaliki chifukwa chake ndi tsiku lotsatira.

Majisitireti wa giredi yoyamba sangapereke chilango choposa zaka 14, ndipo wa udindo wa resident magistrate malire ake ndi zaka 21. Mlandu ukakhala woopsa kwambiri, woimira boma angapemphe kuti wolakwayo akalandirire chilango ku High Court. Kumeneko n'komwenso zigamulo za majisitireti zimaunikidwa, choncho chilango chikaoneka chochepa modabwitsa, lembani kalata kwa woimira boma kapena ku ofesi ya Director of Public Prosecutions, mkulu wa oimira boma pa milandu.

Akabwera ndi mbuzi

Achibale a woganiziridwayo adzabwera, kawirikawiri madzulo, ndi ankhoswe kapena mkulu wa mpingo, ndi mawu akuti tikambirane pachibale. Adzalonjeza chipepeso, fizi, kapena kuti mnyamatayo amukwatira. Banja lomwe likuvomera si loipa mtima nthawi zonse. Nthawi zambiri womangidwayo ndi yemwe amagula chimanga pakhomopo, kapena mayi auzidwa kuti akapitiriza banja latha. Mukangowalalatira muwataya. Khalani nawo pansi muone njala yomwe akuopa, muwalumikize ndi a chisamaliro cha anthu, banki m'khonde, kapena mpingo, kwinaku mukuwauza zoona: lamulo limalola kuyanjanitsa anthu pa milandu ing'onoing'ono ngati ndewu wamba, koma osati yogwiririra. Bwalo la amfumu lilibe mphamvu yoweruza mlanduwu, ndipo kulandira katundu kuti mlandu waukulu ubisike ndi mlandu paokha. Kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu winanso.

Kaundula wanu

Gulani kope lachikuto cholimba, lizikhala kwa munthu mmodzi, lotsekeredwa. Musalembemo maina. Mlandu uliwonse upatsidwe nambala, kenako zaka za wogwiriridwa, ubale wake ndi woganiziridwa, maola omwe adadutsa asanafike kuchipatala, ngati PEP idalipo, nambala ya OB, ngati padapemphedwa ndalama, tsiku lomangidwa, maulendo a kukhothi ndi zifukwa zoimitsira, ndi mmene mlandu udathera. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi muwerenge. Mudzaona kuti milandu yanu ikufera malo amodzi kapena awiri, ndipo mwina si pomwe mumaganizira.

Mukapita kwa mkulu wa polisi ndi mawu akuti apolisi anu ndi achinyengo, adzakupatsani mpando, n'kukutsanzikani bwinobwino. Mukapita ndi pepala lonena kuti pa milandu yakutiyakuti, ya manambala awa, anthu adauzidwa kuti agule mafuta, ndipo pa iyi wofufuza sadafike pamalo, ayenera kuyankha. Pemphani zinthu zochepa zotheka: wa VSU azipezeka usiku ndi Loweruka, chipinda chofunsira chikhale ndi chitseko, banja liziuzidwa tsiku la belo. Zoimitsa milandu zitengereni ku komiti ya ogwiritsa ntchito khothi, komwe majisitireti, apolisi, achipatala ndi a ndende amakumana. Ziwerengero za boma lanu mungazipemphe polemba kalata pansi pa Access to Information Act, lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2020.

Nanga wolakwa akakhala wapolisi? Mu Okutobala 2019, wapolisi ataphedwa pa zionetsero pa Msundwe, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu adadandaula kuti adagwiriridwa ndi kuchitidwa nkhanza ndi apolisi omwe adatumizidwa kumeneko. Malawi Human Rights Commission idafufuza, Women Lawyers Association idatengera nkhaniyo kukhothi m'malo mwa anthu 18, ndipo mu Ogasiti 2020 Justice Kenyatta Nyirenda adalamula kuti boma liwapepese ndi ndalama. Zimenezi zidatheka chifukwa panali anthu omwe adafika msanga, kulemba umboni wa mmodzimmodzi ndi kuunyamula kupita nawo kunja kwa polisi. Inunso dandaulo lotere musalisiye pa siteshoni yomwe wapolisiyo amagwirira ntchito. Lipititseni ku Independent Complaints Commission, bungwe lofufuza madandaulo okhudza apolisi lomwe lidalembedwa mu Police Act ya 2010 koma lidatenga zaka khumi kuti liyambe ntchito, komanso ku Malawi Human Rights Commission. Sungani kope la kalata iliyonse yodindidwa kuti yalandiridwa.

Kusintha lamulo

Nkhani yoopsa ikamveka pa wailesi, anthu amafuula kuti ogwiririra azithenedwa kapena kunyongedwa. Mkwiyowo ndi womveka, koma chilango cha moyo wonse chilipo kale, ndipo pomwe wolakwa ndi bambo womupeza kapena malume, kuopsa kwa chilango kumangolimbikitsa banja kubisa. Mphamvu zanu zipite pa mipata yeniyeni. Gawo 132 limafotokoza kugwiririra ngati mlandu wochitikira mkazi kapena mtsikana, choncho mwamuna wamkulu wochitidwa zomwezo amayenera kudzera m'magawo ena. Pa za m'banja, Marriage, Divorce and Family Relations Act ya 2015 imanena poyera kuti mwamuna wagwiririra mkazi wake ngati wamukakamiza pa nthawi yomwe khothi lidawalekanitsa, koma za omwe akukhala limodzi siitchula.

Lembani tsamba limodzi lokha: gawo lomwe mukufuna lisinthe, mawu omwe alipo, mawu omwe mukufuna, ndi zitsanzo za m'kaundula wanu zopanda maina. Tumizani ku Malawi Law Commission, bungwe lounika malamulo, ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo, ku gulu la aphungu achizimayi ndi kwa phungu wanu, yemwe ali ndi mphamvu yobweretsa bilu payekha. Musanatumize, loya aone ngati palibe lamulo lina lotsutsana nalo. Lamulo la 2015 lija lidati ukwati uyambire zaka 18, koma malamulo aakulu ankalolabe wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera, mpaka aphungu adasintha mu Febuluwale 2017.

Malamulo a m'mudzi ali ndi malo ake. Angaletse ana m'mavidiyo usiku, angakhazikitse kuti chinamwali chisagwere nthawi ya sukulu, angalipitse nyakwawa yobisa mlandu. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza idathetsa maukwati a ana mazanamazana, ndipo mafumu ang'onoang'ono omwe ankaloleza idawaimitsa paudindo. Koma lamulo la m'mudzi lonena kuti wogwiririra alipire mbuzi zitatu lifafanizeni, likuphwanya Penal Code. Miyambo ngati kusasa fumbi ndi kulowa kufa idaletsedwa kale ndi Gender Equality Act ya 2013, lamulo lomwe mu 2016 lidamangitsa zaka ziwiri Eric Aniva wa ku Nsanje, yemwe ankagwira ntchito ya fisi pa miyamboyi.

Zolankhula pagulu

Kafukufuku wa boma wa mu 2013 wokhudza nkhanza kwa ana adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu aliwonse ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri adachitidwapo nkhanza zogonana asanakwane zaka 18. Chiwerengero cha anyamatacho chinenedwe mokweza, chifukwa mnyamata wochitidwa zotere amasekedwa kapena kuyamikiridwa kumene.

Funso lakuti "adavala chiyani" lili ndi mizu. Mu Januwale 2012 mavenda ena adavula amayi m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi, patatha zaka zambiri lamulo loletsa zovalazo litathetsedwa. Funsolo musalimbane nalo ndi ulaliki wautali. Tengani kaundula wanu muwerenge zaka za ogwiriridwa ndi ubale wawo ndi owachita chipongwe, anthu adzionere okha kuti ambiri ndi ana, ndipo owalakwira ndi odziwika pakhomo.

Msonkhano wa pabwalo umadzaza amayi omwe nkhaniyi akuidziwa kale. Abambo apezeni pa bawo, pa siteji ya kabaza, ku mpira ndi ku dambwe kudzera mwa akuluakulu ake, ndipo wolankhula akhale mwamuna mnzawo. Anankungwi ndi angaliba musawadumphe. Iwo ndi omwe ana amawamvera, ndipo akagwirizana nanu uthenga wakuti ukakhudzidwa nena, sudzamenyedwa, umalowa m'chilangizo momwemo. Ndawala ya masiku 16, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala, igwiritseni ntchito pouza anthu zomwe zasintha chaka chimenecho ndi zomwe akuluakulu adalonjeza koma sadachite.

Pagulu la WhatsApp la m'mudzi kapena la mpingo, woyang'anira afufute nthawi yomweyo chithunzi, dzina, sukulu kapena dzina la kholo la wogwiriridwa, ngakhale wotumizayo atati akufuna anthu amupempherere. Mtsikana yemwe watenga mimba ali ndi mwayi wobwerera kusukulu akabereka. A mother group akalembetse kwa ahedi msanga kuti malo ake asungidwe, ndipo ngati mphekesera zachuluka pasukulupo, amupezere malo pa ina yapafupi.